Kukalibrari strain gauge: zoyenera kuchita musanakhulupirire manambala a pa sikirini

Anzanga ogwira ntchito m'malabu oyesa zitsulo ndi betawu, makamaka inu amene mwangoyamba estajiyo kuno ku Tete, ku Moatize ndi kumtunda ku Ulongwe, funso ili landikwana. Munthu amangotumiza chithunzi cha sikirini pa WhatsApp usiku n'kulemba kuti "akulu, ndamata geji pa varawu, shunt yapasa bwinobwino koma manambala akungoyendayenda okha, ndipange bwanji?" Mawa wina, funso lomwelo (shunt imeneyi ndi njira yoyesera yomwe ndiifotokoza pa nambala 6). Ndiye ndati ndilembe kamodzi basi, wina akafunsanso ndizingomukankhira izi.

Timvane kaye kuti tikukamba za chiyani. Geji, kapena kuti strain gauge, ndi kachitsulo kopyapyala kwambiri kokhotakhota komwe kanaikidwa pa kapulasitiki, timakamata ndi guluu pa chinthu chomwe tikuyesa. Chinthucho chikakokeka kachitsuloko kamatalika nawo n'kuwonda ndiye resistance yake imakwera, chikapanikizika imatsika. Mukamaitanitsa ku Maputo kapena ku Beira amaitcha extensómetro, koma samalani, m'makatalogu a Chingerezi ochokera ku Johannesburg extensometer ndi chipangizo china, chija chokolekera pa chitsulo chokhala ndi timipeni tiwiri. Lembani momveka pa rekizisawu, mungadikire mwezi wathunthu n'kulandira chomwe simunafune.

Timawerenga mu microstrain, ife timangoti ma maikro. Maikro imodzi ndi pamene chitsulo cha mita imodzi chatalika ndi 0.001 mm. Geji ya 120 ohm ikakokeka ndi ma maikro 1000 imasintha ndi 0.24 ohm yokha basi, n'chifukwa chake mulitimita wamba sangaone kanthu, pamafunika Wheatstone bridge, kalumikizidwe ka magetsi komwe kamamva kusintha kochepa chonchi, yomwe ili m'chowerengera, chipangizo cholumikizidwa ku geji chomwe chimaonetsa manambala pa sikirini. Sungani nambala ya 0.24 imeneyo, tiifunanso kutsogoloku.

Kukalibrari ndi kuyerekeza zomwe chipangizo chikuwerenga ndi muyeso wodziwika kale, ndipo geji payokha simungaikalibrari ayi. Mukaimata mwamata, simungaimatule n'kukaiikanso pena. Nambala yake yotchedwa gauge factor, yosonyeza kuti resistance imasintha mochuluka bwanji geji ikakokeka, amaipeza ndi opanga, amatengako zingapo pa gulu lomwelo n'kuziyesa mpaka kuzitaya, n'kulemba zotsatira pa paketi. Chomwe ife timakalibrari ndi mzere wonse: guluu, geji, mawaya ndi chowerengera. Pakalakwika pamodzi pa zinayi zimenezi sikirini imakupatsanibe manambala, okongola ndithu, koma abodza.

1. Lembani za pa paketi musanang'ambe

Gauge factor, ma ohm, nambala ya gulu, ndi kanambala kena kosonyeza kuti gejiyo anaipangira chitsulo chanji. Opanga ena amalemba 11 pa geji ya chitsulo wamba ndi 23 pa ya aluminiyamu, a ku America amalemba 06 ndi 13. Mukamata ya aluminiyamu pa varawu, kutentha kukangosintha pang'ono manambala amathawa.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusiya chowerengera chili pa 2.00 pomwe paketi ikuti 2.11, pamenepo zonse zomwe muwerenge zakwera ndi maperesenti asanu ndi kanthu musanayambe n'komwe. Komanso onetsetsani ngati kompyuta yanu ikufuna 2.11 kapena 2,11 chifukwa makompyuta athu ambiri anaikidwa Chipwitikizi ndipo kadontho amakamva mwina. Paketiyo musataye, ikani m'faifi.

2. Konzani pomata, kenako matani

Pa varawu palani timizere tija ndi galayinda pa malo ochepa okwana geji basi, musakumbe chitsulo. Salazani ndi lisha ya 220 kenako 320 kapena 400. Pukutani ndi asetoni, kansalu koyera, kupita mbali imodzi, osabwereranso ndi kansalu komweko chifukwa mukungobweza mafuta pomwe mwawachotsa. Mukatero chala chisakhudzenso pamenepo, ndipo kuno ndi thukuta lathuli mukudziwa nokha, dontho limodzi lochokera pachipumi mwayambiranso.

Jambulani kamzere kosonyeza mbali yomwe chitsulo chikokekere, geji igone motsata kamzereko. Ikapendama ndi madigiri 5 mwataya pafupifupi peresenti imodzi, ikapendama ndi 10 mwataya pafupifupi zinayi. Guluu kadontho kamodzi, dindani ndi chala chachikulu pamwamba pa kapulasitiki kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, osasuntha. Guluu wa geji sakhalitsa, makamaka m'kontena yotentha, msungeni m'firiji ndipo mukamtulutsa dikirani afunde musanatsegule kuti chinyezi chisalowe m'botolo. Super glue wa pa banka ndi wa mtundu womwewo inde koma simudziwa wakhala padzuwa miyezi ingati, ine sindimamulola pa ntchito yomwe ikupita mu relatoriyo.

Pa betawu nkhani ndi ina. Geji yaifupi imangowerenga kamwala kamodzi komwe yagonapo, ndiye mufunika yaitali, 60 mm kapena kuposa, katatu kukula kwa mwala waukulu wa mu betawuyo. Tsekani kaye timaenje ndi epoxy, iume, salazani, kenako matani.

3. Yesani ndi mulitimita musanalumikize ku chowerengera

Resistance ikhale pafupi kwambiri ndi yomwe yalembedwa pa paketi. Kenako yesani pakati pa geji ndi chitsulo chomwe mwamatapo, pasamadutse magetsi, pafunika ma megaohm zikwi zingapo. Musabwereke megger ya amagetsi ija ya 500 V, imaotcha geji pompo, gwiritsani yosaposa 50 V.

Mukadzalumikiza, tengani labala ya kumbuyo kwa pensulo n'kudinda nayo pang'ono pamwamba pa geji uku mukuyang'ana sikirini. Manambala asuntha pang'ono n'kubwerera pomwe anali mukachotsa. Akadumpha kwambiri kapena osabwerera, pansi pa gejiyo pali kathovu ka mpweya, imatuleni muike ina, palibe zoikonza.

4. Mawaya atatu, osati awiri

Apa ndi pamene pali yankho la ambiri a inu ofunsa kuti bwanji manambala akuyenda okha. Waya wa kopa wa 0.22 mm² akatalika mamita 13 ali ndi pafupifupi 1 ohm. Kupita ndi kubwera ndi 2 ohm. Kopa akatentha resistance yake imakwera ndi 0.39 peresenti pa digiri iliyonse, ndiye waya wanu akatentherako ndi madigiri 10 okha wawonjezera 0.078 ohm. Yerekezani ndi 0.24 ija. Chowerengera sichidziwa kuti wasintha ndi waya, chimangoti geji yakokeka ndi ma maikro pafupifupi 325 pomwe chitsulo palibe amene wachikhudza. Varawu wa A500 amayamba kugonja cha pa ma maikro 2500, betawu imafika pachimake cha pa 2000, tsono onani nokha kuti 325 yabodza ndi yaikulu bwanji. Ndipo madigiri 10 kuno ndi zamasewera, mu Okutobala ndi Novembala mthunzi weniweniwo umadutsa 40, nanji waya wakuda wogona pa silabu ya obra masana.

Ndiye lumikizani mawaya atatu, awiri pa mwendo umodzi wa geji ndi mmodzi pa mwendo winawo monga mmene buku la chowerengera chanu likusonyezera. Mukatero waya mmodzi amagwera mbali imodzi ya bridge wina mbali inayo, akatentha mofanana amafafanizana okha. Koma akhale a mtundu umodzi, utali umodzi, opotedwa pamodzi ndipo ayende njira imodzi. Wina padzuwa wina pamthunzi mwangotaya nthawi.

Ngati ntchito itenge maola ambiri kapena masiku, ikaninso dummy. Dummy ndi geji ina ya paketi yomweyo yomata pa kachidutswa ka chitsulo chomwecho chosanyamula kanthu, mumakaika pafupi kuti kazimva kutentha komweko. A ku Ulongwe musadzinamize kuti kwanu n'kozizira, kusiyana kwa m'mawa ndi masana mu Juni kumakwana kukusokonezani.

5. Yatsani, dikirani, ikani pa ziro

Chowerengera chiyake mphindi 20 kapena 30 musanachikhudze. Voteji yopita ku geji ikhale yochepa, cha m'ma 2 V pa geji ya 120 ohm, chifukwa geji imadzitenthetsa yokha ndipo pa betawu kutenthako kulibe kothawira. Ikani pa ziro n'kungoyang'ana kwa mphindi zingapo. Kukwawa pang'onopang'ono kupita mbali imodzi ndi kutentha kapena chinyezi. Kudumphadumpha ndi soda yosagwira kapena phokoso la magetsi, sunthani waya atalikirane ndi jenereta ndi makina owotcherera, ndipo chikopa cha waya chilumikizidwe ku nthaka mbali imodzi yokha, ya ku chowerengera.

6. Shunt

Mumatenga rezisita yodziwika bwino n'kuilumikiza mopingasa pa miyendo iwiri ya geji. Resistance imatsika pang'ono, chowerengera chimaganiza kuti chitsulo chapanikizika ndiye chimaonetsa minus. Masamu ake ndi awa: ma ohm a geji, gawani ndi gauge factor kuchulukitsa ndi ma ohm a geji ophatikiza ndi a rezisita. Pa geji ya 120 ohm ndi gauge factor ya 2.00, rezisita ya 59880 ohm imapereka 120 ÷ (2.00 × 60000), yomwe ndi 0.001, kutanthauza ma maikro 1000 ndendende. Pa ya 350 ohm ndi 174650 ohm.

Tsono tamverani. Ngati paketi yanu ikuti 2.11 ndipo chowerengera mwachiika pa 2.11, rezisita yomweyo ya 59880 iyenera kuonetsa 948 osati 1000. Ambiri akaona 948 amayamba kupotokola span, chija chokulitsa kapena kuchepetsa manambala omwe chowerengera chikuonetsa, mpaka ifike 1000 poti ndi yomwe anaiona pa intaneti, apo ndiye kuti aononga chinthu chomwe chinali bwino. Werengetsani nokha ndi manambala a paketi yanu.

Rezisita ikhale ya 0.1 peresenti kapena yabwino kuposa apo, osati ija ya kwa okonza mawailesi ya 5 peresenti. Ilumikizeni ku geji kwenikweniko, kumapeto kwa waya, kuti zomwe waya akudya zilowe m'chiwerengero. Manambala akatuluka otsikirako pang'ono kusiyana ndi masamu anu, ndi waya ameneyo, ndipo apa ndi pomwe mwaloledwa kukhudza span. Zowerengera zina zili ndi batani la shunt mkati momwemo, limenelo likhoza kukhudza mbali ina ya bridge n'kukuonetsani plus, musadabwe, werengani buku lake.

7. Ikani katundu weniweni

Mabuku ambiri ndi mavidiyo a pa YouTube amathera pa shunt ngati ntchito yatha. Siinathe. Shunt ili ngati kuliza hutala ya chapa, ikalira mwadziwa kuti batire ili moyo koma za matayala simunadziwe kanthu. Geji yongolendewera m'malere yosamata n'komwe imapasa shunt bwinobwino. Guluu wakale, kathovu ka mpweya, geji yopendama, zonsezi shunt siiona chifukwa chitsulo sichinakokeke. Kuti mudziwe ngati dzanja lanu lamata bwino pamafunika katundu amene mukudziwa kulemera kwake, pa chitsulo chomwe mukudziwa kale kuti chiyenera kukokeka bwanji.

Pangani kabimu koyesera. Dulani bala yafulati ya chitsulo wamba, 25 mm m'lifupi, 3 mm kuchindikala, yotalika cha m'ma 300 mm. Matanipo geji ya paketi yomweyo, guluu yemweyo, tsiku lomwelo, dzanja lomwelo, waya wotalika chimodzimodzi ndi wa pa ntchito yeniyeni. Panani mbali imodzi zolimba pa tebulo lachitsulo, geji ikhale pamwamba, motalikirako pang'ono ndi pomwe mwapana, osati m'mano mwenimweni. Kuchokera pakatikati pa geji yezani 200 mm n'kucheka kamzere kakang'ono ndi fayilo pomwe chingwe cha katundu chizikhala, kuti chisamatsetsereke.

Masamu: 6 kuchulukitsa ndi mphamvu ya katundu, kuchulukitsa ndi utali wa 200 mm uja, zonsezo gawani ndi E (nambala yosonyeza mmene chitsulo chimakanira kukokeka) kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsa ndi kuchindikala kawiri. Kilo imodzi ndi 9.81 N, E ya chitsulo tengani 200000 N/mm². Ndiye 6 × 9.81 × 200 ndi 11772, pansi 200000 × 25 × 3 × 3 ndi 45000000, yankho ndi 0.000262, kutanthauza ma maikro 262 pa kilo iliyonse. Makilo awiri 523, atatu 785. Lekezani pa atatu, bala isapindike mpaka kalekale.

Kuchindikala kuja ndi kumene kumapha anthu. Poti kumalowa kawiri m'masamu, mukaphonya ndi 0.1 mm yokha pa bala ya 3 mm yankho lanu lapotoka ndi maperesenti pafupifupi asanu ndi awiri, ndipo bala yogula ngati ya 3 mm kawirikawiri siikhala 3.00, nanji mutaisalaza ndi lisha. Yezani ndi maikromita, osati tepi kapena pakimetro yakutha, malo atatu pafupi ndi geji, mutamaliza kusalaza musanamate. Katundu gwiritsani miyala ya sikelo ya mu labu. Ngati palibe, mabotolo a madzi amagwira ntchito bola muwayeze pa balansa ya labu pamodzi ndi chingwe chake n'kulemba kulemera kwenikweni.

Ikani makilo atatu n'kuchotsa katatu kaye osalemba kanthu, kuti guluu ndi chopanira zikhazikike. Kenako ziro, ndipo yambani: imodzi, ziwiri, zitatu, ziwiri, imodzi, ziro, mukulemba paliponse. Bwerezani. Mukatero tembenuzani bala geji ikhale pansi, ikaninso pa ziro, muchitenso chimodzimodzi, manambala atuluke omwewo koma a minus.

Powerenga zotsatira ndi pomwe pamafunika mutu. Ngati paliponse mukusiyana ndi masamu ndi maperesenti awiri, atatu kapena anayi mofanana, musadandaule, E ya chitsulo imakhala pakati pa 200000 ndi 210000 ndipo kusiyana kumeneko kokha ndi maperesenti asanu. Ngati mwatsika ndi 15 kapena 20, guluu sakupereka kukokeka konse ku geji, mwina wachuluka kapena sanagwire m'mbali. Ngati pa kilo imodzi zikugwirizana koma pa zitatu zikuperewera, geji ikumatuka katundu akamakula. Siyani makilo atatu alendewere mphindi khumi: manambala akamatsika okha katundu ali pompo, guluu akutsetsereka, botolo lonselo litayeni ndipo mageji onse omwe mwamata nalo akayikireni. Mukachotsa katundu n'kupeza kuti ziro yasuntha ndi ma maikro ochuluka, yang'anani kaye chopanira ngati sichinaseguke musanaimbe mlandu geji.

Chimodzi chokha ndikuletseni: musapotokole span kuti manambala agwirizane ndi kabimu. Kabimu ndi mboni chabe, kakukuuzani ngati mamatidwe anu ali bwino kapena ayi. Mukakakamiza chowerengera kuti chigwirizane nako mwabisa vuto la guluu m'kati mwa makina, ndipo geji ina yomata bwino idzawerenga mopitirira.

Kabimu kakapasa, chitaninso chimodzimodzi pa varawu weniweniyo ali m'makina okokera, koma ndi mphamvu yochepa yosamugonjetsa. Varawu wa 12 mm ali ndi 113 mm², mukamukoka ndi 10 kN muyembekeze ma maikro cha m'ma 442, kapena kukwererako pang'ono poti munapalapo ndi galayinda. Varawu sakhala wowongoka kwenikweni, ndiye geji imodzi ikhoza kuwerenga zambiri kapena zochepa malingana ndi mbali yomwe ili. Matani ziwiri moyang'anizana mutenge pakati. Koma zonsezi zikudalira kuti 10 kN ya makinawo ndi 10 kN yeniyeni. Yang'anani setifiketi yake ya ISO 7500-1, kawirikawiri imafunika kukonzedwanso pakatha miyezi 12, ndipo makina akasamutsidwa kuchoka pa obra ina kupita pa ina amafunika kuyesedwanso. Za miyeso m'dziko muno amayang'anira ndi INNOQ ku Maputo. Ngati setifiketi inatha, auzeni ashefi polemba, osati pakamwa.

8. Kasiyeni kabimu tsiku lonse

Kopanda katundu, pamalo pomwe ntchito ichitikire, chowerengera chili choyaka. Lembani manambala ndi kutentha ola lililonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mudziwa kuti dzuwa lokha likukupatsani ma maikro angati, ndipo afisikali akadzafunsa muli ndi pepala lowaonetsa. Ngati ndi ochuluka, bwererani ku nambala 4, kapena muziyesa m'mamawa dzuwa lisanakwiye.

9. Za extensometer yokolekera ija

Imeneyi ndiye imakalibrariwa payokha, potsata ISO 9513, pa chipangizo chokhala ndi maikromita chomwe chimaitsegula pang'onopang'ono ndi utali wodziwika. Imapatsidwa kalasi, 0.2, 0.5, 1 kapena 2. Ntchito imeneyi ndi ya labu yovomerezeka, inu gawo lanu ndi kuona kuti timipeni sitinabunthe, utali wa pakati pa timipenito ndi womwe unalembedwa, ndipo muziichotsa chitsulo chisanaduke ngati siinapangidwire kupirira kudukako.

10. Fisha

Pa fisha lembani tsiku, ola, kutentha, nambala ya gulu la mageji, gauge factor, guluu ndi tsiku lomwe botolo linatsegulidwa, utali wa waya ndi kuti ndi atatu, voteji, rezisita ya shunt, nambala yomwe masamu anapereka ndi yomwe sikirini inaonetsa, miyeso ya kabimu ndi zonse zomwe munawerenga pokweza ndi potsitsa. Mukamaliza kuyesa kwenikweni bwerezani shunt ndi ziro musanazimitse, mulembenso. Mukasintha waya, chowerengera, kapena ngakhale bowo lomwe mwalowetsa waya kumbuyo kwa chowerengera, yambiraninso pa nambala 5.

Ndipo amene mukufunabe kunditumizira chithunzi cha sikirini, tumizani pamodzi ndi chithunzi cha fisha imeneyi komanso cha geji ili pa chitsulo, chojambula pafupi mawaya akuoneka.